Kupenta tizidole ta nkhondo ya pa tebulo

Mukatsegula bokosi la tizidole ta Warhammer koyamba, simupezamo msilikali wathunthu ayi. Mupeza mafelemu a pulasitiki yotuwa, mitu payokha, mikono payokha, malupanga ndi zishango zili zomatirira ku timitengo. Masewerawa anawayambitsa mu 1983 a kampani ya Games Workshop, yomwe likulu lake lili ku Nottingham, ku England. Wosewera aliyense amalumikiza ndi kupenta yekha gulu lake la ankhondo, amatsenga ndi zilombo, kenako magulu awiri amakumana pa tebulo, madayisi ndi tepi yoyezera zikuweruza nkhondoyo. Msilikali mmodzi amatalika mamilimita 30 kapena kuposerapo pang'ono, choncho chilichonse chimene mungalakwitse chimaoneka.

Zinthuzi ndi zodula, tisabisane. Ku Britain bokosi la asilikali khumi limagulidwa mapaundi 25 mpaka 40, ndipo kabotolo ka penti ya Citadel ka mamililita 12 kamakhala cha m'ma mapaundi atatu. Ndiye musakolole mitundu yonse ya pa shelefu. Yakuda, yoyera, yofiirira, yooneka ngati chitsulo, ya khungu, ndi mtundu umodzi wa zovala za gulu lanu zikukwanirani. Onjezani kabotolo ka penti yamadzimadzi yotchedwa wash, monga Agrax Earthshade, bulashi ya saizi 1 yosongoka bwino, ndi bulashi ina yakutha.

Dulani zidutswa za msilikali kuzichotsa ku timitengo tija ndi kapulayala, osathyola ndi zala. Pachidutswa chilichonse pali kamzere kopyapyala kotsalira pomwe chinaumbidwira. Kapaleni pang'onopang'ono ndi msana wa mpeni, chifukwa penti ikalowapo kamzereko kamaonekera kwambiri pankhope ndi pachisoti. Pulasitiki imafuna guluu wa pulasitiki, kadontho kamodzi basi. Tizidole tachitsulo kapena ta resin timafuna supaguluu. Mukatero thirani primer, utoto woyamba womwe umathandiza penti ina kugwira. Ngati ndi yopopera, chitirani panja, tsiku lopanda mvula, mutakhutchumula chitini kwa mphindi ziwiri ndipo mutachitalikitsa masentimita 20 mpaka 30. Mukayandikitsa kwambiri, maso ndi mabatani a msilikaliyo zikwiririka.

Tsono apa ndi pomwe oyamba ambiri amapunthwa. Penti yochokera m'botolo ndi yolimba, ndipo mukaipaka momwemo imatseka timizere tonse tomwe wosema anavutikira. Tapani pang'ono, ikani pa kambale, sakanizani ndi kadontho ka madzi mpaka isungunuke ngati mkaka. Mukapaka koyamba muona mawangamawanga, pansi pakuonekera. Musade nkhawa, ndipo musabwerezepo ikadali yonyowa, mungaikande. Dikirani mphindi zisanu kapena khumi, pakaninso kachiwiri. Yofiira, yachikasu ndi yoyera nthawi zina zimafuna katatu. Yambani ndi zamkati, khungu kenako zovala, zida pomaliza, kuti bulashi isamadutse pomwe mwamaliza kale. Chidolecho musachigwire ndi zala. Chimatireni pa chitsekerero cha botolo, ndipo zigongono zanu zitsamire pa tebulo kuti dzanja lisanjenjemere.

Zikauma, pakani wash. Imayenderera yokha n'kukakhala m'makwinya a nsalu ndi pakati pa zala, ndipo nkhope yomwe inali yosalala imayamba kuoneka ya munthu. Ikadikha pamalo amodzi, iyamwitseni ndi bulashi youma isanagwire. Imafuna theka la ola kapena kuposa kuti iume. Kenako tengani bulashi yakutha ija, tapani penti yowalirapo, ipukuteni pa kapepala mpaka ioneke ngati yatha, ndipo sesani nayo mopepuka pa ubweya, pa unyolo ndi m'mphepete mwa chishango. Penti imatsalira pa zotukuka zokha.

Ine ndimaona kuti chidole chopentedwa mwapakatikati koma choima pa nthaka yooneka bwino chimaposa chopentedwa mwaluso choima pa pulasitiki yakuda. Chosangalatsa n'chakuti kambale koimapo kameneka, komwe osewera amati base, sikalira ndalama. Tapani mchenga wa kumtsinje, utsukeni, uyanikeni mpaka uume gwa, ndipo museferetu ndi sefa yakale kuti timiyala tikhale patokha. Pakani guluu woyera wa matabwa, wa PVA, mozungulira mapazi koma osakhudza nsapato. Ikani timiyala tiwiri kapena titatu, kenako viikani kambaleko mumchenga, gogodani kuti wotsala ugwe, pukutani m'mphepete ndi chala. Musiye usiku wonse. Mawa lake thiranipo guluu wosungunula ndi madzi kuti mchenga usamayoyoke, ukauma pakani penti yofiirira, sesani pamwamba ndi yowala, ndipo matani tiudzu togula kapena tizidutswa ta khungwa louma. Gulu lonse likhale ndi nthaka yofanana, m'mphepete mwa timbale monse mtundu umodzi.

Msilikali woyamba akudyerani maola awiri kapena atatu. Mukazolowera, pentani asanu pamodzi, mtundu umodzi pa onse, kuti wina aziuma mukupenta mnzake. Pomaliza popereni vanishi yosanyezimira, chifukwa pamasewera zala zimachotsa penti pa nsonga za malupanga ndi m'zigongono. Yesani kaye vanishiyo pa chidole chimodzi, popeza kukakhala chinyontho imatha kusiya ufa woyera. Bulashi itsukeni ndi madzi ozizira ndi sopo, musongole nsonga yake, ndipo musaisiye itaima m'kapu ya madzi.