Pa Geni Timvere Ndani?

WOULUTSA: Lino ndi gawo lathu la mafunso ndi mayankho pa nkhani za geni. Makalata a sabata ino akukhala ngati eni ake anapangana, onse akulira ndi kuchuluka kwa alangizi. Tiyambe ndi mayi wina wa ku Chirimba mumzinda wa Blantyre. Akuti: "Ndimapanga chiponde n'kuthira m'mabotolo. Abale anga ndi amayi anzanga a Mvano amati n'chokoma zedi. Koma nditapita nacho kwa mwini golosale ina yaikulu anachikana. Anati chilibe chidindo cha MBS, mafuta akuyandama pamwamba, komanso mtengo wakwera. Amuna anga akuti ndi nsanje chabe. Ndimvere ndani?"

MLANGIZI: Zikomo mayi. Ndiyambe ndi mawu a bambo akunyumbawo, mwaulemu ndithu. Nsanje ilipo, sitikana. Koma mwini golosale angachitire bwanji nsanje katundu amene akanapindula naye yekha? Munthu ameneyu amadyera katundu woyenda malonda. Akanaona kuti chiponde chanu sichigonera pashelefu, bwenzi akukuumirizani kuti mawa mubwere ndi makatoni awiri. Pa anthu onse mwatchulawa, ndi yekhayo amene thumba lake likanapweteka akanaweruza molakwika.

Amayi a Mvano amakukondani, ndipo chikondi chimenecho musachipeputse. Kungoti kuyamikira sikuwachotsera ngakhale tambala imodzi. Lekani kuwafunsa kuti "chikukoma?" Tengani kope, mulembe amene anagula ndi ndalama m'manja, osati pangongole, kenaka muone kuti ndi angati anabweranso botolo litatha. Amenewo ndiwo akuyankhani zoona, ngakhale asatsegule pakamwa.

Komabe sikuti zonse ananena agolosale zili ndi kulemera kofanana. Mafuta kuyandama ndi chibadwa cha chiponde chopanda zosakaniza za kufakitale, si kuwonongeka ayi. Lembani pabotolo kuti munthu atakase asanadye, nkhani yatha. Za mtengo muwerengere nokha: mtedza, makala, botolo, chigayo, thiransipoti ndi thukuta lanu. Mwini golosale amafuna kugula motsika nthawi zonse, pamenepo ndiye pali mbali yake.

Koma nkhani ya MBS, bungwe la Malawi Bureau of Standards, muigwire ndi manja awiri. Mtedza ukasungidwa pachinyezi umachita chuku, ndipo chukucho chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi. Poizoniyu samveka pa lilime, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Ena amawaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa, osadziwa kuti akuitana chuku. Chiponde chimadyedwa kwambiri ndi ana m'phala, choncho apa sipofunsa abale kapena oyandikana nawo nyumba. Pitani ku MBS, mwayi wanu muli mu Blantyre momwemo, mukafunse ndondomeko yoyezetsera katundu wanu.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri yachokera kwa mnyamata wa ku Mponela. Akuti: "Ndikufuna kuweta nkhuku zanyama. Wogulitsa anapiye ndi chakudya cha nkhuku akuti ndiyambe ndi 500 kuti phindu lioneke. Amalume, amene akundipatsa mpamba, akuti nkhuku n'kutaya ndalama, ndizigula soya n'kumasunga. Ndikatsutsa amangoti mawu a akulu akoma akagonera. Pa Facebook naponso pali bambo wina akuti ndalama zimabwerera kawiri pa milungu isanu ndi umodzi."

MLANGIZI: Achimwene, wogulitsa uja si mdani wanu, koma dziwani chomufunsa. Za katemera wa chitopa ndi gumboro, za kutentha kwa khola pamene anapiye ali aang'ono, za nthawi yosinthira chakudya, amadziwa bwino ndipo mumvereni. Za kuchuluka kwa anapiye musamufunse. Mukagula 500, iye wagulitsa anapiye ndi matumba ambiri a chakudya, kaya inu mupeze msika kapena ayi.

Ndipo msika ndiye fupa la nkhaniyi. Nkhuku yanyama ikakwana milungu isanu ndi umodzi siidikira wogula, imangodyabe, pamene chakudya ndicho chimatenga gawo lalikulu la ndalama zowetera. Tsiku lililonse loonjezera ndi phindu lanu likulowa m'chithokomiro. Musanagule mwanapiye ndi mmodzi yemwe, yendani m'malesitilanti ndi mwa okazinga tchipisi pa Mponela pomwepo, mufunse kuti amatenga nkhuku zingati pa sabata, pa mtengo wanji, ndipo amalipira liti. Nambala ya anapiye ichokere pamenepo.

Ndikupemphaninso kuti mufunefune munthu amene anawetapo nkhuku n'kusiya. Ambiri timathamangira kwa amene zinawayendera, koma wosiya uja alibe chokugulitsani, ndipo akuuzani ndendende pamene anagwera. Bambo wa pa Facebook simukudziwa khola lake, simukudziwanso kuti masamu akewo ndi a chaka chiti. Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mitengo ya chakudya ndi mankhwala inasinthiratu, moti malangizo amene anali oona nthawi imeneyo isanafike akhoza kukugwetsani lero.

Tsono amalume. Ndalama ndi zawo, ali ndi ufulu woyankhula, ndipo mantha awo si opanda pake. Ngati akhala akugula ndi kusunga soya zaka zambiri, pa soya ndi mphunzitsi wanu. Pa nkhuku afunseni mwaulemu ngati anawetapo. Musakangane nawo pakamwa chabe. Apatseni pepala lolemba mitengo yonse ndi mayina a ogula, muwapemphe kuyesa ndi anapiye ochepa kaye. Mugwirizanenso lero lomwe, ndipo mulembe, ngati mpambawo ndi ngongole, mphatso kapena gawo lawo mu geniyo. Mabanja ambiri adana chifukwa chosiya funso limeneli m'malere.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma pali uthenga wapafoni wochokera kwa mayi wa ku Mzuzu. Akuti mnzawo wa kubanki m'khonde akuwakopa kuti aike mpamba wa kaunjika m'gulu lina la pa WhatsApp lolonjeza kuchulukitsa ndalama pa mwezi umodzi, bola abweretse anthu ena atatu.

MLANGIZI: Musaike, mayi. Mnzanuyo mwina akukhulupiriradi, koma amalandira kanthu inu mukalowa, ndiye sangakhale woweruza pa nkhaniyi. Phindu lodalira kubweretsa anthu atsopano ndi ndalama za olowa mochedwa zikupita kwa oyambirira, ndipo tsiku olowa adzatha, gulu lidzatsekedwa. Mufunseni chiphaso cha Reserve Bank of Malawi chololeza gululo kusunga ndalama za anthu. Mpamba wanu kagulireni belo lina la kaunjika.

WOULUTSA: Omvera, pitirizani kutilembera. Sabata yamawa tikambirana za makasitomala otenga katundu pangongole.