Kukagona M'mbali mwa Shire ndi Ana: Tiyankhe Makalata Anu

Woulutsa: Sabata ino makalata ambiri akufunsa nkhani imodzi, yotenga banja Loweruka ndi Lamlungu kupita ku famu ya m'mbali mwa mtsinje, kukawedza nsomba n'kugona m'tenti. Ndili ndi bambo amene anagwira ntchito ya ulangizi wa za nsomba m'mbali mwa Shire kwa zaka zambiri, pano anapuma. Mwaswera bwanji bambo?

Mlangizi: Ndaswera bwino mayi, kaya inu. Werengani timve, ndaona mulu wa makalatawo ndi waukulu.

Woulutsa: Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Chilomoni. Akuti: "Mnzanga wa kuntchito ali ndi famu kufupi ndi Liwonde, yofika mpaka kumtsinje. Wandiuza kuti ndipite ndi mayi a kunyumba ndi ana athu atatu, wamng'ono ali ndi zaka 5. Tenti ndabwereka kale. Tipite mwezi uti, ndipo tikafika tentiyo tikaimike pati?"

Mlangizi: Za mwezi n'zosavuta. Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mvula imakhala itatha, msewu wa fumbi wolowera ku famu umakhala utauma, udzudzu umachepako, ndipo dzuwa la ku Liwonde limakhala lopiririka. Mu Okutobala kumeneko kumatentha moti tenti imasanduka uvuni, mwana sangagonemo. Kuchokera ku Blantyre mudzera msewu wa M3, kudutsa Zomba, kutsika mpaka pa Liwonde. Mafuta thirirani mu Blantyre momwemo, ndipo tengani ndalama zogwirika m'manja pang'ono, chifukwa kumtsinje netiweki imabwera ikafuna.

Funso la malo oimika tenti ndiye lalikulu, ndipo yankho lake silili kwa mnzanu wa kuntchitoyo. Iye famuyo amaiona masana, mwina kamodzi pa mwezi. Amene akuidziwa ndi mlonda amene amagona pomwepo, amayi amene amatunga madzi pa dooko, ndi asodzi amene amakocheza mabwato m'mamawa. Mukangofika, musanatsitse katundu, apatseni moni anthu amenewa, khalani nawo pansi muwafunse kuti mvuu zimatulukira pati, ng'ona inaonekera pati komaliza, madzi anafika pati chaka cha namondwe Freddy, mu Malichi 2023. Adzakulozerani mtengo ndi chala, n'kunena kuti anafika apa. Inu imikani tenti kumtunda kwa pamenepo. Safunsa anadya phula, bambo.

Njira ya mvuu muiphunzire kuizindikira nokha. Imachoka m'madzi pamalo pamene gombe lagumuka ngati khomo, n'kulowa m'udzu. Mukaiyang'anitsitsa muona timizere tiwiri topondedwa, pakati pake pali kaudzu kotsala, chifukwa miyendo ya kumanja ndi ya kumanzere imaponda motalikirana. Phazi lake lili ndi zala zinayi. Pa zitsamba za m'mbali mupezapo ndowe zomwazika, popeza mvuu ikamachita chimbudzi imapukusa mchira. Malo oterowo amakhala osalala, oyera bwino, okopa munthu wa m'tauni kuti apa ndiye pogona. Ine ndinachitapo zimenezi ndili mnyamata, nditangoyamba ntchito. Tinafika pa dooko lina kutada, ndinayala mphasa pamalo osalala, mkulu wina wa pamudzipo anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mwagona pamsewu." Ndinkaganiza kuti akunena za njinga. Ndinasuntha mwaulemu chabe. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva kupuma kwamphamvu ndi udzu ukuzulidwa, pamalo pomwe panali mutu wanga paja.

Woulutsa: Mayo ine! Ndiye mvuuyo ikanakuchitani chiyani, poti imadya udzu?

Mlangizi: Siidya munthu ayi, koma ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo chilichonse chimene chili pakati pa iyo ndi madzi imachiponda kapena kuchiluma. N'chifukwa chake m'bandakucha, pamene zikubwerera kuchokera kodya, si nthawi yotuma mwana kukatunga madzi.

Woulutsa: Kalata yachiwiri ikugwirizana ndi zomwezi. Mayi wa ku Area 25 ku Lilongwe akuti: "Amuna anga akuumirira ulendo wotere, koma ine mtima suli m'malo chifukwa cha ng'ona. Ana akuti akufuna kukasambira. Amuna anga akuti masana ng'ona zimagona. Kodi n'zoona?"

Mlangizi: Mayi, mtima wanuwo ndi umene ukunena zoona. Mu Shire ana asasambire, masana kapena usiku, kaya madziwo ndi ofika m'mawondo. Ng'ona imene mukuiona itayasamula pamchenga ikuwothera dzuwa si imene ikugwireni. Yoopsa ndi imene simukuiona, yomwe yabisala pansi pa madzi pafupi ndi bango, mphuno ndi maso zokha zili kunja. Ndipo ng'ona imaphunzira. Ikaona kuti pamalo akutiakuti pamabwera munthu nthawi yomweyomweyo kudzatsuka mbale, imayamba kudikirira pamenepo.

Ndiye chitani izi. Madzi atunge munthu wamkulu, ndi ndowa yomangirira chingwe, ataima pamalo okwera. Kusamba, kutsuka mbale, kuchapa, zonse zichitikire kumtunda. Nsomba mukagwira musaitumbulire m'mphepete mwa madzi n'kutaya matumbo momwemo, kumeneko ndi kuitana mlendo. Powedza, mwana aime kumbuyo, mapazi angapo a munthu wamkulu kuchokera pamadzi, ndipo asakhale pansi miyendo ili lendelende. Mbedza ikakodwa m'bango, dulani chingwe. Mbedza ndi yotchipa.

Ngati mwaona kuti zonsezi zikuchititsani kukhala tcheru mpaka osasangalala, sinthani malo. Kwerani phiri la Zomba. Kumeneko kuli mtsinje wa Mulunguzi, madamu a Mulunguzi ndi Chagwa, mathithi a Williams, ndipo ng'ona ndi mvuu kulibe. Kuli nsomba ya trout imene anabwera nayo azungu m'nthawi ya atsamunda chifukwa imakonda madzi ozizira. Koma ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo damu la Mulunguzi ndi limene limamwetsa mzinda wa Zomba, choncho funsani kaye oyang'anira kuti pololedwa kuwedza ndi kugona ndi pati. Mabulangete tengani ambiri, kumeneko mu Juni kumazizira kolowa m'mafupa.

Woulutsa: Pa kuzizira pomwepo, pali kakalata kakafupi kochokera ku Ndirande: "Kodi tingalowetse mbaula m'tenti kuti ana afundidwe?"

Mlangizi: Ayi, ndipo ndibwereze, ayi. Makala akamayaka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka, sununkha. Munthu amangomva tulo ndi kamutu, osadzukanso. Mbaula ikhale panja, wotherani moto pamenepo, ana avale majuzi awiri, pansi muyale mphasa kenako bulangete, chifukwa chisanu chambiri chimachokera m'nthaka. Phulusa la mbaulalo likazizira musataye, lithireni mozungulira tenti. Linthumbu likakupezani usiku mudzandikumbuka.

Woulutsa: Tsopano mnyamata wa Fomu 2 wa ku Balaka. Akuti: "Sindinawedzepo. Ndaona pa YouTube anthu ali ndi ndodo zokhala ndi chopukusira. Kodi popanda zimenezo nsomba ndingagwire? Nanga nyambo yabwino ndi iti?"

Mlangizi: Mwana wanga, nsomba za mu Shire sizionera YouTube. Dula nsungwi yowongoka, yotalika kuposa iweyo kawiri. Gula chingwe cha nayiloni ndi mbedza zingapo pamsika, zazing'ono ndi zazikuluko. Cholemeretsa, mangirira kanati kakale ka njinga. Choyandama, cheka kachidutswa ka patapata wakutha, uboole pakati, ulowetse chingwe. Basi, zida zakwana.

Nyambo imatengera nsomba imene ukufuna. Makumba, amene ndi abale ake a chambo, ali ndi kamwa laling'ono ndipo amakonda zomera, ndiye mbedza ikhale yaing'ono, nyambo yake kambamu ka nsima yolimba kapena kanyongolotsi kakang'ono. Nsimayo uikande m'manja mpaka ichite ulimbo, apo ayi imasungunuka isanafike pansi. Mlamba ndi wosusuka, umasaka pansi m'matope ndi ndevu zake zija, umatsata fungo. Upatse nyongolotsi zonenepa zokumba pamalo onyowa pafupi ndi khola, kapena matumbo a nkhuku. Umadya kwambiri kukamada, koma iwe nthawi imeneyo uyenera kukhala utachoka kumadzi, choncho yesa m'mawa dzuwa litatuluka ndiponso chakumadzulo lisanalowe.

Kapatapata kaja kakayamba kugwedera, usakoke msanga. Nsomba imayamba yalawa. Dikira mpaka kamire kapena kayambe kuyenda cham'mbali, ndiye ukoke kamodzi, mwamphamvu pang'ono. Ana ambiri amalephera apa, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ukatulutsa mlamba, samala minga iwiri ya m'mbali mwa mutu, imabaya koopsa. Ugwire kumbuyo kwa mutu ndi kansanza, chifukwa ndi woterera. Mbedza ikakulowa m'chala kupyola kandowe kake, usaizule mokoka, pita kuchipatala akaichotse, akaonenso za katemera wa kafumbata.

Ukadzapita ku Chikwawa, kumunsi kwa mathithi a Kapichira, kumeneko kuli tiger fish, nsomba ya mano ngati misomali yochokera ku Zambezi. Mathithi aja ndi amene amaitchinga kuti isakwere kufika ku Liwonde ndi kunyanja. Imeneyo nsungwi yako singaithe, imadula nayiloni ngati ulusi.

Woulutsa: Bambo wina wa ku Mangochi wafunsa ngati angatenge neti yakale ya udzudzu kuti ana akakokere timatemba, akuti n'zongosewera.

Mlangizi: Pamenepa ndiye pamandipweteka mtima. Neti ya udzudzu m'madzi ndi yoletsedwa, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: maso ake ndi aang'ono moti imakokolola ndi ana a chambo omwe, osakwana n'chala. Chambo chimalera ana ake m'kamwa, n'kukawasiya m'malo osaya a m'bango, momwe mwanayo akukokamo netiyo. Amene anaona nyanja ya Malombe kale, chambo chili mbwee, n'kuiona lero, sangamupatse mwana neti kuti aseweretse. Kuthira katupe m'madzi ndiye musayerekeze n'komwe. Mu 1997 boma linakhazikitsa malamulo a usodzi, ndipo m'madooko ambiri muli makomiti a m'mudzi oyang'anira usodzi. Kaonekereni kwa iwo, akuuzani ngati ili nyengo yotseka ndi malo amene saloleza. Chinanso, famu ikakhala yoyandikana ndi Liwonde National Park, dziwani pamene pali malire. Kuyambira 2015 pakiyo ikuyendetsedwa ndi African Parks, ndipo kuponya mbedza m'kati mwake ndi mlandu, ngakhale mutanena kuti bwato linangotengedwa ndi madzi.

Woulutsa: Yomaliza yachokera kutali, ku Johannesburg, yabwera pa WhatsApp. Mayi akuti: "Tikubwera kumudzi pa Khirisimasi ndi ana awiri obadwira kuno. Tikufuna kukagona kumtsinje masiku awiri kuti aone kwawo. Tikonzekere bwanji pa za matenda?"

Mlangizi: Mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo. Disembala ndi mvula, achemwali, ndipo mtsinje umatha kudzaza usiku pamene inu simunaone dontho, chifukwa yagwa kumapiri. Timitsinje touma tolowa mu Shire ndi timene timachita zimenezi kwambiri. Ine ndikanakonda kuti mukacheze kumtsinjeko masana, kugona mukagone m'nyumba.

Ana obadwira ku Johannesburg thupi lawo silinakumanepo ndi malungo, ndiye akawagwira amawagwira kolimba. Inunso amene mwakhalitsa kunja, chitetezo chija munali nacho chinachepa. Musananyamuke kaonaneni ndi dokotala akupatseni mankhwala oteteza, ndipo neti ikhale yomangidwa dzuwa lisanalowe. Malungo saonekera tsiku lomwelo, amatenga sabata kapena kuposerapo. Mwana akatentha thupi mutabwerera, muuzeni dokotala wa kumenekoyo kuti munali ku Malawi, chifukwa iye akhoza kungoganiza za chimfine.

Likodzo nalo lilipo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha, a m'bango ndi m'madambo, timalowa pakhungu munthu akangoponda m'madzimo. Mwana amayamba kukodza magazi patapita masabata kapena miyezi. Mankhwala ake ndi praziquantel, koma kumwa tsiku lotsatira sikuthandiza, chifukwa amapha nyongolotsi zikakula. Dikirani pafupifupi miyezi iwiri, kenako mukayezetse. Madzi osamba mukawatenthetsa, kapena kuwasiya m'ndowa masiku awiri, tizilomboto timafa.

Akumwa ndiye tengani anu m'zigubu, kapena wiritsani, kapena thirani klorini. Kolera ija inavuta dziko lonse inayambira ku Machinga mu Malichi 2022, ndipo inapha anthu oposa 1,700. M'chikwama musasowe mapaketi a Thanzi, panado wa ana, bandeji ndi tochi ya mabatire atsopano. M'mawa uliwonse nsapato muzikutumula musanavale, zinkhanira zimakonda kugonamo.

Woulutsa: Nthawi yatithera bambo, koma funso langa ndi ili: nanga tsiku lonse latha, mbedza sinagwire kanthu, ana akuyang'ana m'phika, titani?

Mlangizi: Zimachitika kawirikawiri, ngakhale kwa ife. Ufa, tomato, anyezi ndi mchere mukhale mutatenga. Cha m'ma 4 koloko tsikirani pa dooko pamene mabwato akukocheza, mugule makumba kwa asodzi aja munawapatsa moni pofika. Ang'ambeni pamsana, muwaze mchere, muwaike pa waya makala atasiya lawi. Mwana wamng'onoyo mum'patse kuti anyamule nsombayo kuchokera pa dooko mpaka pamsasa. Lolemba kusukulu akanena yekha kuti anagwira ndi iyeyo.

Woulutsa: Omvera, makalata otsalawa tiwawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino, tidzayambira ya agogo a ku Nkhotakota amene akufunsa za mpasa za mu mtsinje wa Bua.