Phunziro: Mmene Madokotala Amadziwira TB ya mu Ubongo

Tonse tikudziwa kuti TB imagwira m'chifuwa. Koma nthawi zina tizilombo take timafika pa kachikopa kamene kamakuta ubongo. Zikatero munthu amamva litsipa losatha, thupi limatentha, amasanza, khosi limauma, kenako amayamba kubwebweta kapena kugona osadzuka. Ana aang'ono ndi anthu amene ali ndi HIV ndiwo amagwidwa kawirikawiri.

Vuto ndi lakuti matenda oumitsa khosi alipo amitundu ingapo. Onse amayamba mofanana, koma mankhwala ake ndi osiyana. Komanso tizilombo ta TB timakhala tochepa kwambiri m'madzi a mumsana, moti nthawi zambiri ku labu satiwona.

Kuwerengera malikisi

Mu 2002, Dr Guy Thwaites ndi anzake pa chipatala cha mu mzinda wa Ho Chi Minh ku Vietnam anakonza njira yowerengera malikisi. Dokotala amaona zinthu zisanu: zaka za wodwala, masiku amene wadwala, kuchuluka kwa asilikali a m'thupi m'magazi, kuchuluka kwawo m'madzi a mumsana, ndi mtundu wa asilikali a m'madziwo. Wodwala akakhala wa zaka 36 kapena kuposa, amaika malikisi 2. Asilikali akachuluka kwambiri m'magazi, amaika 4. Ngati wadwala masiku 6 kapena kuposa, amachotsa 5, chifukwa TB imalowa pang'onopang'ono pamene matenda enawo amagwetsa munthu m'masiku ochepa. Zinthu ziwiri za m'madzi a mumsana nazonso zili ndi malikisi ake. Malikisi onse akakhala 4 kapena kucheperapo, dokotala amaganizira TB.

Kodi njirayi imalondola?

Ku Vietnam inkalondola kwambiri. Koma itayesedwa pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, zotsatira zimene zinatuluka mu 2008 zinali zina. Pa odwala 100 alionse a TB ya mu ubongo, inkapeza 78. Koma pa anthu 100 amene analibe TB, inkawamasula 43 okha. Otsalawo inkati ali ndi TB chikhalirecho alibe. Chifukwa chake n'chakuti kuno odwala ambiri anali ndi HIV, ndipo ena ankadwala cryptococcus, matenda oumitsa khosi amene nawonso amalowa mozemba ngati TB.

Mu 2010 akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana anatulutsa njira ina ya malikisi 20, yophatikiza ndi kujambula m'mutu, koma anaikonzera anthu ochita kafukufuku. Choncho malikisi amangosonyeza dokotala koyambira. Amayezabe HIV ndi cryptococcus, amajambula chifuwa, ndipo amayeza madzi a mumsana pa makina a GeneXpert. Ngakhale makinawa asapeze kanthu, dokotala angathe kuyamba mankhwala a TB, poti kudikira kumapha.

Musakane madzi a mumsana

Taonani bwino: zinthu ziwiri mwa zisanu zija zimachokera m'madzi a mumsana. Popanda madziwa palibe chowerengera. Komatu magadiyani ambiri timakana, timati anthu amafa akawachotsa madzi. Zoona zake n'zakuti odwala oterewa timafika nawo mochedwa, titazungulira kwina konse, matenda atalowerera kale. Akamwalira timaloza jakisoni wochotsera madzi uja, pamene chawapha ndi matenda. Dokotala amatenga madzi pang'ono chabe, ndipo thupi limabwezeretsa lokha m'maola ochepa. Kuchotsa madziwa sikulumalitsa munthu, sikuletsanso kubereka. Kwa odwala cryptococcus, kuchotsako madziwa ndi kumene kumachepetsa litsipa. Ngati muli ndi mantha, funsani adokotala akufotokozereni, koma musadikire malume a kumudzi kuti adzavomereze mawa.

Chinanso, dokotala akafunsa tsiku limene matenda anayamba, nenani zoona. Ena amati "dzulo" poopa kukalipiridwa, chonsecho munthu wadwala milungu iwiri. Bodza limeneli limasokoneza malikisi onse.

Mankhwala a TB ya mu ubongo ndi aulere m'zipatala za boma. Amamwedwa nthawi yaitali kuposa a TB ya m'chifuwa, miyezi 9 mpaka 12, ndipo sadukizidwa. Tibayitse ana athu katemera wa BCG akangobadwa, tizimwa ma ARV mokhulupirika, ndipo litsipa likapitirira masiku angapo, tisamalize ndalama pa Panado wa pagolosale.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zinthu zisanu zimene dokotala amawerengera.
2. N'chifukwa chiyani njirayi inkalakwitsa ku Blantyre?
3. Mungamuuze chiyani gadiyani amene akukana kuti m'bale wake achotsedwe madzi a mumsana?