Ngodya ya Ntchito za Mtsogolo: Kusankha Thandizo la Ndalama za Kafukufuku wa Ubongo

Teremu ino phunziro lathu likukhudza ntchito ya neuropsychology, komanso funso limene amakumana nalo munthu amene wafika patali pa maphunziro amenewa: pakati pa mabungwe opereka ndalama za kafukufuku, ndipemphe kuti? Wophunzira wa Fomu 2 angaone ngati nkhaniyi ili kutali naye, koma luso losankha thandizo n'lomwelo limene mudzalifune pofunsira basale.

Ntchito yake ndi yotani?

Katswiri wa neuropsychology amayeza momwe matenda kapena kuvulala kwa ubongo kwasinthira kukumbukira, kulankhula, chidwi ndi khalidwe la munthu. Kuno kwathu ntchitoyi ili ndi malo ake. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Dr Terrie Taylor ndi Pulofesa Malcolm Molyneux anayamba kufufuza malungo a mu ubongo m'zaka za m'ma 1980, ndipo mu 1989 anafalitsa njira yoyezera kukomoka kwa ana yotchedwa Blantyre Coma Scale. Ana ena amene apulumuka malungo amenewa amatsala ndi khunyu kapena vuto la kuphunzira. Kuti mwana wotere athandizidwe m'kalasi, pafunika wina woti ayeze bwino chimene chasokonekera.

Njira yake ndi yaitali: digiri yoyamba, kenako PhD, kenako maphunziro a postdoc, pamene munthu amagwira ntchito moyang'aniridwa ndi katswiri wamkulu. Ku United States, msonkhano wa ku Houston wa mu 1997 unagwirizana kuti gawo lomalizali likhale la zaka ziwiri. M'zaka zimenezi ndi mmene munthu amasankha thandizo loti limufikitse pokhala wofufuza woima payekha.

Funso loyamba: kodi ndine woyenera kufunsira?

Bungwe la boma la America loona kafukufuku wa zaumoyo, National Institutes of Health, lili ndi mitundu ingapo ya thandizo. F32 imalipirira munthu wa postdoc mpaka zaka zitatu. K23 ndi ya ogwira ntchito ndi odwala amene akufuna kukhala ofufuza. Zonse ziwirizi ndi za nzika za dzikolo kapena amene ali ndi chilolezo chokhalamo mpaka kalekale, choncho Mmalawi wa chitupa cha kanthawi angataye miyezi polemba pempho limene silidzawerengedwa n'komwe. K99/R00 siyang'ana unzika, koma imafuna kuti wofunsira asapitirire zaka zinayi za kafukufuku wa postdoc. Wochedwa tsiku lake amapeza khomo lotseka.

Palinso thandizo lokonzera anthu a m'mayiko ngati lathu. K43, ya Fogarty International Center, inakonzedwera ofufuza achinyamata ogwira ntchito kwawo mothandizidwa ndi alangizi awiri: wina wa kwawo, wina wa ku America. Bungwe la Wellcome la ku London lili ndi Early-Career Award, yopereka malipiro ndi ndalama za kafukufuku mpaka zaka zisanu. Malamulo a mabungwewa amasinthasintha, choncho wofunsira aziwerenga a chaka chimene akufunsiracho.

Funso lachiwiri: ndalamazi zikundigulira chiyani?

Ambiri amathamangira kuona kuchuluka kwa ndalama. Koma chimene wofufuza wachinyamata amasowa kwambiri ndi nthawi ndi mlangizi. Thandizo la K23 limafuna kuti munthu apereke magawo 75 pa 100 aliwonse a nthawi yake ya ntchito ku kafukufuku. Kwa amene akufuna kufufuza, imeneyi ndi mphatso, chifukwa imamuteteza kuti asamangokhala m'chipatala tsiku lonse. Kwa amene mtima wake uli pa odwala, kapena sanakwanitse maola ofunika kuti apeze chiphaso cha ntchito, lamulo lomweli lingamupinge.

Pali thandizo lina laling'ono, la chaka chimodzi, longokwanira kuyesera maganizo pa anthu ochepa. Musalipeputse. Zotsatira za kafukufuku wamng'ono ndi zimene zimakhutiritsa oweruza kuti munthu angapatsidwe zambiri. Mwachitsanzo, amene akufuna kuyeza ana opulumuka malungo ayenera kuyamba waonetsa kuti mayeso ake amamveka m'Chichewa kapena m'Chiyao. Mayeso ofunsa mwana wa ku Namwera za zinthu zimene sanazionepo amayeza kusiyana kwa chikhalidwe, osati ubongo. N'chifukwa chake Dr Melissa Gladstone ndi anzake anakonza Malawi Developmental Assessment Tool, imene inafalitsidwa mu 2010, yogwirizana ndi moyo wa ana a kumudzi.

Funso lachitatu: ndikulonjeza chiyani?

Thandizo la kafukufuku si ngongole ndipo lilibe katapira, koma ndi amana. Wolandira amalonjeza kugwiritsa ntchito ndalama pa zimene analemba, kupereka malipoti, kupempha chilolezo cha makolo asanayeze mwana, ndi kunena zoona ngakhale zotsatira zisamukomere. Msilamu afunsenso kumene ndalamazo zikuchokera, komanso ngati mwini ndalama angamuletse kuulula zimene wapeza. Ayambe wakonza niya yake: kodi funso la kafukufukuyu ndi lothandiza anthu, kapena walipotoza kuti lingofanana ndi zofuna za opereka ndalama? Akatero afunse maganizo kwa amene analandirapo thandizolo, pakuti safunsa anadya phula, ndipo aswali Istikhara asanasaine.

Kwa ife pano pasukulu

Ophunzira, mukaona chidziwitso cha basale, werengani kaye malamulo musanaone ndalama: ndani woyenera, tsiku lomaliza ndi liti, ikulipira fizi yokha kapena chakudya ndi malo ogona omwe, nanga ikufuna magiredi otani kuti ipitirire. Limbikirani Biology, Masamu ndi Chingerezi, chifukwa pempho lililonse limalembedwa ndipo kafukufuku aliyense amawerengetsera. Makolo, sungani bwino masatifiketi ndi malipoti a ana. A komiti, mukamathandiza mwana ndi fizi, mupezereninso munthu wophunzira woti azimulangiza.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. N'chifukwa chiyani thandizo la ndalama zambiri lingakhale losayenera kwa munthu wina?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene wolandira thandizo amalonjeza.
3. Basale ina ikulipira fizi yonse kwa chaka chimodzi, ina theka la fizi kwa zaka zinayi. Mungasankhe iti, ndipo mungafunse ndani musanasankhe?

Allah atiwonjezere maphunziro opindulitsa. Ameen.