M'bona Sanafere ku Thambani

Ana asukulu a kwa Chapananga ku Chikwawa, monganso anzawo ambiri akumidzi, mbiri ya mabuku ndi olemba ake amaipeza m'njira ziwiri. Ina amaiwerenga m'timapepala tofotokopa timene a Fomu 4 a chaka chatha anasiya, ina amaimva kwa akuluakulu. Zonsezi n'zothandiza. Vuto limabwera pamene mwana wanzeru watola chidutswa apa, china apo, n'kuzilumikiza osafunsa kuti chinayamba n'chiti. Waulesi zoterezi sizimugwera kawirikawiri, chifukwa amangoloweza zimene wapatsidwa. Zimagwera amene amaganiza, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi imandipweteka.

Mnyamata wina wa Fomu 4 pasukulu ina ya kuderali ankatsogolera kalabu ya zisudzo. Mphunzitsi wake wa Chingerezi anamubwereka sewero la Steve Chimombo lotchedwa The Rainmaker. Bukulo linali lothaitha, chikuto ndi masamba oyambirira zitathothoka kalekale. Seweroli limakamba za M'bona, mnyamata amene anagwetsa mvula pamene Kamundi, mkulu wa pakachisi, anali atalephera, ndipo nsanje ya mkuluyo inathera pa imfa ya mnyamatayo.

Mphunzitsi uja anali atanenapo m'kalasi kuti nthawi ya Dr Kamuzu Banda alembi ankabisa nkhani zandale m'nthano zamakolo poopa kumangidwa. Zimenezo n'zoona. Amalume ake a mnyamatayo nawonso anali atamufotokozera za ku Thambani, m'boma la Mwanza loyandikana ndi la Chikwawa, kumene mu Meyi 1983 kunapezeka mitembo ya nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa komwe kuno. Boma linalengeza kuti inali ngozi ya galimoto, koma kafukufuku amene anachitika ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994 anapeza kuti anthuwo anachita kuphedwa. Zimenezinso n'zoona.

Mnyamata anaphatikiza zoona ziwirizi n'kubala bodza. Mumtima mwake anati: mkulu wansanje ndi Kamuzu, M'bona ndi anthu anayi aja, ndipo Chimombo ankalemba za ku Thambani. Sanagone nazo. Anatembenuzira sewero lonse m'Chichewa, namveka M'bona suti, opha aja nawasandutsa apolisi, ndipo kumapeto anaikako galimoto yopanga ndi mabenchi kuti igubuduzike. Teremu yonse madzulo ake anathera pamenepo. Kunena zoona, ntchitoyo inali yaluso, ndipo anzake ankamutamanda.

Tsiku lotsekera sukulu makolo atasonkhana, mnyamatayo anaimirira kutsogolo nati, "Makolo athu, polemba seweroli a Chimombo ankalira anthu anayi amene anaphedwa ku Thambani." Sewero litatha anthu anaomba m'manja. Kenako mkulu wina amene anapuma pa ntchito yauphunzitsi anakweza dzanja.

"Mwanawe, buku limeneli linatuluka chaka chanji?"

"Sindinaone, aphunzitsi. Tsamba lake linathothoka."

"Linatuluka mu 1978. Za ku Thambani zinachitika mu 1983. Ndiye ukuti a Chimombo analira maliro eni ake akadali moyo?"

Mnyamata anasowa poyang'ana. Asanapeze mawu, gogo wina wobadwira ku Nsanje amene anakwatiwa kuderali analankhula ali chikhalire pamphasa. "Mdzukulu wanga, M'bona sanavalepo suti. Mutu wake uli ku Khulubvi. Amayi anga ankasonkha nawo mapira a nsembe yake. Ukadabwera kudzandifunsa." Sewero lija silinaonetsedwenso kwina kulikonse, ndipo masabata amene akadawerengera mayeso a MSCE anali atapita.

Tiyambe ndi funso la mphunzitsi wopuma uja. Chaka chimene buku linasindikizidwa chimaoneka ngati kanthu kongoloweza kuti upeze malikisi amodzi, koma ndicho chimakuuza zimene wolemba akadatha kuziona ndi zimene sakadatha. Wofuna kumva ndale mu The Rainmaker ali ndi ufulu wonse, malinga ayang'ane m'mbuyo mwa 1978. Kumeneko zilipo zambiri. Mu 1964, dziko litangolandira ufulu, Kamuzu anakangana ndi nduna zake zachinyamata monga Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa, ndipo zinathera pothawa m'dziko. Mu 1968 kunabwera lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu younika mabuku, zisudzo ndi mafilimu. Mu 1971 Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Chimombo, amene anabadwira ku Zomba mu 1945 ndipo anaphunzitsa ku Chancellor College zaka zambiri, ankalemba ali mkati mwa zonsezi. Pakoleji pomwepo panali Writers Group, gulu la alembi limene linayamba mu 1970, ndipo mantha awo sanali ongoganizira. Mnzawo Jack Mapanje, amene buku lake la ndakatulo Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, anamangidwa mu 1987 n'kusungidwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Mnyamata uja akadati nkhani ya mkulu amene safuna kuona wamng'ono akumuposa inkawakumbutsa oonera a nthawi imeneyo za 1964, palibe akadamutsutsa. Akadathanso kunena kuti oonera a lero sewero likhoza kuwakumbutsa za Thambani. Chimene sakadayenera kuchita n'kuika mawu m'kamwa mwa wolemba.

Koma kwa ine, mawu a gogo uja ndiwo olemera kwambiri. Mnyamatayo anakulira m'chigwa cha Shire chimene nkhani ya M'bona ndi yake, komabe anaiwerenga ngati kuti Chimombo anangoipeka kuti abisiremo ndale. M'bona ali ndi kachisi ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Kachisiyo ali ndi omusunga, ndipo mwambo wake umati pazikhala mkazi wotchedwa Salima amene amatengedwa ngati mkazi wa M'bona. Mfumu yaikulu ya Amang'anja, Lundu, imene imakhala ku Chikwawa, ili ndi gawo lake pa za kachisiyo. Kwa anthu ena m'chigwa muno zimenezi si zamakedzana, ndipo kuveka M'bona suti pamaso pawo ndi chipongwe ngakhale wochitayo sankafuna kunyoza.

Komanso nkhani ya M'bona siifotokozedwa mofanana paliponse. Matthew Schoffeleers, wansembe wa ku Netherlands amene anatumikira m'chigwa cha Shire asanakaphunzitse ku Chancellor College, anasonkhanitsa mafotokozedwe osiyanasiyana n'kuwasanthula m'buku lake River of Blood la mu 1992. Ena amati mdani wa M'bona anali Mlauli, mbale wake yemwe. Ena amaloza kwa Lundu wakale kuti ndiye anatuma omupha. Ambiri amagwirizana kuti anathawira kummwera, anadulidwa mutu, magazi ake anasanduka mtsinje, ndipo mutuwo unaikidwa ku Khulubvi. Chimombo anayambitsa sewero lake ndi kachisi wa ku Msinja, kuchigawo chapakati, ndipo mdani anamutcha Kamundi. Apa ndi pamene wophunzira wa kwa Chapananga ali ndi mwayi umene mnzake wa ku Karonga alibe. Iye angathe kumva nkhaniyi pakhonde la agogo ake, n'kuiyerekeza ndi ya m'buku, n'kuona chimene wolemba anatenga, chimene anasiya ndi chimene anawonjezera. Luso la wolemba limaonekera posankhapo. Mnyamata uja anathamangira ku Thambani n'kusiya chuma chimenechi pakhomo.

Wina anganene kuti The Rainmaker si buku la mayeso ake, ndiye izi sizikumukhudza. Tengani Nthondo la Samuel Josia Nthara, limene ambiri aliwerengapo pa phunziro la Chichewa. Wophunzira amene sadziwa kumene bukuli linachokera amalitenga ngati chithunzi chenicheni cha mudzi wa Achewa akale, n'kumalemba kuti moyo wamakolo unali wakuba ndi ndewu mpaka Chikhristu chitafika. Koma Nthara, wobadwa mu 1905, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Nthondo analilembera mpikisano wa bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures, linapambana, ndipo linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira T. Cullen Young, amene anali mmishonale, analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ukadziwa zimenezi, kutembenuka mtima kwa Nthondo kumapeto kwa nkhani sikukudabwitsanso, chifukwa wolemba anali munthu wa mpingo, osindikiza anali amishoni, ndipo owerenga oyamba ambiri anali ana a sukulu zawo. Umayambanso kuona chinthu china chimene timapepala tofotokopa sitinena: kuti Nthara yemweyo anafotokoza milandu, maliro ndi ufumu wa pamudzi mosamala ngati munthu amene ankazilemekeza, ndipo patapita zaka analemba Mbiri ya Achewa. Munthu wonyansidwa ndi mwambo wa makolo ake sakadavutikira buku lotero.

Aphunzitsi a kumidzi amagwira ntchito ndi mabuku ochepa, ena opanda zikuto, ndipo si onse amene ali ndi intaneti yoti afufuzire. Sindikuwaimba mlandu. Komabe buku likafika m'kalasi litathothoka masamba oyamba, mphunzitsi alembe ndi bolopeni patsamba limene latsala dzina la wolemba, chaka ndi osindikiza, asanalipereke kwa mwana aliyense. Ndipo ngati bukulo likukamba za M'bona, za Lundu kapena za Magololo amene anabwera ndi David Livingstone n'kukhala mafumu ku Chikwawa, aitane mkulu mmodzi wa m'mudzi adzakhale nawo m'kalasi tsiku loyamba kuliwerenga.