Phunziro la Mwezi Uno: Kuyamba Geni ya Mphatso pa Msika

Mau oyamba

M'magulu athu ambiri mwakhala mukumveka funso lakuti, kodi mayi amene ali ndi kandalama kochepa angayambe geni yotani imene siidzutsa munthu mbandakucha ngati ya mandasi, ndiponso katundu wake saola ngati matimati? Ambiri mtima wawo wagwera pa geni ya mphatso: zitenje, makapu, mabeseni, tizovala ta makanda, makadi ndi madengu okongoletsa. Ndi geni yabwino ndithu, yaukhondo, ndipo ngakhale mayi wachikulire akhoza kuichita ali chikhalire.

Koma geni imeneyi ili ndi khalidwe lake limene tiyenera kulidziwa tisanaikepo ndalama. Mphatso siigulidwa tsiku ndi tsiku monga mchere. Imagulidwa pakagwa mwambo. Choncho ndalama zimabwera mwa nyengo, ndipo pakati pa nyengozo pamakhala masabata amene pa benchi pamangoti zii. Pa Khirisimasi aliyense amagulitsa. Mayeso enieni amabwera mu Febuluwale, pamene malonda aima, kunyumba ufa watha, ndipo dzanja layamba kulowa mu mpamba. Phunziro lathu lagona pamenepa: tingasunge bwanji mpamba kuti geni ione chaka chachiwiri?

1. Tidziwe kalendala ya dera lathu

Tisanagule kanthu kalikonse, titenge kope ndi kulemba miyezi yonse 12. Pa mwezi uliwonse tilembe miyambo imene anthu a kwathu amapatsana mphatso.

Maukwati ndi zinkhoswe zimachuluka anthu akakolola ndi kugulitsa mbewu, makamaka m'chilimwe mpaka kumapeto kwa chaka. Ukwati umodzi umabweretsa ogula ambiri, pakuti usanafike pamakhala chinkhoswe ndi mwambo wa amayi wopereka ziwiya za kukhitchini kwa mkwatibwi. Pa 15 Okotobala pali Tsiku la Anakubala, limene ana amafuna chitenje, duku kapena kapu ya mayi wawo. Mu Disembala muli Khirisimasi, ndipo ndi nthawi imene magulu ambiri a banki mkhonde amagawana ndalama. Pa 14 Febuluwale achinyamata a m'tauni amagula makadi ndi maluwa, koma kumudzi tsikuli limangodutsa. Janyuwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi, feteleza ndi njala, ndipo mphatso imakhala kumapeto kwa maganizo a munthu.

Pali miyambo ina imene siisankha mwezi. Ana amabadwa chaka chonse, ndipo wokaona mwana sapita chimanjamanja. Pamakhalanso ubatizo, kutsanzikana ndi mphunzitsi amene wasamutsidwa, ndi kukazonda wodwala. Katundu wa miyambo yotereyi ndiye amaigwira benchi m'miyezi yovuta.

Kalendala ikatha, iwoneka yokha miyezi yokolola ndi miyezi yopirira. Katundu wa nyengo tizioda kutatsala masabata angapo, pakuti ooda mochedwa amapeza mitengo itakwera ndipo zokongola zitatha.

2. Tigulitse chiyani?

Akulu anati, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mayi akalowa m'sitolo za maoda ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, chilichonse chimaoneka chogulitsika. Akatenga chimodzichimodzi cha mitundu 30, mpamba wonse umathera pomwepo ndipo benchi imaoneka ngati ya kaunjika. Tiyambe ndi mitundu isanu kapena isanu ndi umodzi yokha.

Anthu athu amakonda mphatso yogwira ntchito. Chitenje, beseni, fulasiki ya tiyi, makapu, thawulo ndi sopo zimatuluka msanga kusiyana ndi zidole zoika pa shelefu. Ubwino wake winanso ndi wakuti nyengo ikapita, katundu wotereyu amagulidwabe ndi munthu wongofuna kukagwiritsa ntchito kunyumba. Khadi lolembedwa za Khirisimasi likatsala, lidikira miyezi 11.

Tisaiwale zopangidwa kwathu konkuno: madengu, malichero, nsengwa, mithiko, zipande, mikeka ndi zoumbaumba. Izi mitengo yake siidumpha msanga kwacha ikagwa. Tikumbuke kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nthawi zoterezi katundu wochokera ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg amakwera mtengo mwadzidzidzi, ndipo mayi amene wagulitsa pa mtengo wakale amapezeka kuti ndalama zake sizikukwana kuodanso katundu yemweyo.

Luso lenileni la geni iyi ndi kumanga mphatso. Beseni palokha ndi beseni chabe, ndipo wogula amadziwa mtengo wake pa benchi ina. Koma tikaikamo matewera, sopo, mafuta a mwana ndi kachitenje kobereka, n'kumanga bwino ndi riboni, chasanduka mphatso yokaonera mwana, ndipo wogula amalipiranso luso lathu ndi nthawi imene tamupulumutsira. Tikonze mitolo itatu: wotsika mtengo, wapakati ndi wokwera, kuti aliyense apeze wa thumba lake. Pokulunga, zidutswa za zitenje zimene matelala amataya zimakongola kuposa majumbo opyapyala, amenenso boma linawaletsa m'malamulo a chaka cha 2015.

3. Malo pa msika

Misika ili m'manja mwa makhonsolo. Tikaonane ndi mkulu wa msika pamodzi ndi komiti ya msikawo, atiuze za malo ndi za chiphaso cha tsiku ndi tsiku. Tikalipira tizilandira chiphasocho ndi kuchisunga. Ngati tikuchita lendi benchi ya munthu wina, tilemberane pamaso pa a komiti, pakuti pangano la pakamwa limaiwalika malonda akayamba kuyenda. Tipewe kuyala malonda m'mbali mwa msewu. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, ndipo makhonsolo amalanda katundu wa ogulitsa pa malo osaloledwa. Mayi wa mpamba wochepa akalandidwa kamodzi, geni yathera pomwepo.

Posankha malo, tikakhale kaye pa msikapo masiku awiri kapena atatu, kuphatikizapo tsiku la msika waukulu, tione kumene anthu amadutsa. Benchi ya mphatso imayenda bwino pafupi ndi ogulitsa nsalu ndi matelala, chifukwa okonzekera ukwati amafika kumeneko. Siiyenda pafupi ndi nsomba kapena makala, pakuti fungo ndi fumbi zimalowa m'nsalu. Dzuwa nalonso limasukulutsa zitenje ndi makadi, choncho pakhale mthunzi ndi pepala lofunditsa mvula ikabwera.

Tisasunge katundu yense ku msika. Misika yathu ingapo yapsapo ndi moto usiku, ndipo amalonda anadzuka alibe kanthu. Pa benchi pakhale zoonetsa ndi zogulitsa za masiku ochepa, zotsalazo zikhale kunyumba.

4. Kuwerengera mtengo

Amayi ambiri amati, "Ndagula pa K2,000, ndagulitsa pa K2,500, ndapindula K500." Kawerengedwe aka ndi kamene kamapha geni mwakachetechete. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongophunzirira, pakuti mitengo yeniyeni imasintha.

Taoda makapu 12 pa K2,000 imodzi, zonse pamodzi K24,000. Minibasi kupita ndi kubwera yadya K3,000. Mapepala okulungira ndi riboni K3,000. Tsopano taononga K30,000, kutanthauza kuti kapu imodzi yatifikira pa K2,500. Panjira imodzi yasweka, atsala 11. Tikagawa K30,000 kwa makapu 11, imodzi yafika pafupifupi K2,730. Mayi uja wogulitsa pa K2,500 akutaya ndalama pa kapu iliyonse, chikhalirecho akusekerera kuti malonda akuyenda. Tikagulitsa pa K3,500, makapu 11 atipatsa K38,500, ndipo pamwamba pa K30,000 patsala K8,500. Pamenepa tichotseponso chiphaso cha masiku onse amene makapuwo akhala pa benchi. Chotsalacho ndiye phindu.

Popeza anthu athu amakonda kunenerera, titchule mtengo wokhala ndi mpata wotsitsa pang'ono, koma mumtima tidziwe malire amene sitingatsike. Ndipo nthawi ndi nthawi tizifunsa mtengo watsopano kumene timaoda. Mtengo wathu uzitsata ndalama zimene tidzaodere mawa, osati zimene tinaodera mwezi watha.

5. Mpamba ndi mbewu

Mlimi wanzeru amapatula chimanga cha mbewu, ndipo ngakhale njala ivute sachipititsa ku chigayo. Mpamba ndi chimodzimodzi. Madzulo aliwonse ndalama za tsikulo tizigawe patatu. Gawo loyamba ndi la katundu amene watuluka, ndipo limabwerera kukaoda. Gawo lachiwiri ndi nkhokwe ya miyezi yovuta, yolipirira chiphaso ndi lendi mu Janyuwale ndi Febuluwale. Gawo lachitatu ndi malipiro athu, ndipo ndi lokhalo loyenera kulowa m'nyumba.

Ndalama za mpamba zisagone pa mfundo ya chitenje pamodzi ndi za ndiwo. Zikhale m'kabokosi kakekake, ku banki, kapena mu foni pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Wogula akalipira pa foni, tione tokha kuti ndalama zalowadi tisanapereke katundu, chifukwa akuba amatumiza mauthenga abodza.

Tikhale pansi ndi abambo kunyumba pamodzi ndi ana, tiwafotokozere kuti katundu wa pa benchi ali ndi mwini, ndipo mwini wake ndi geni. Vuto la geni ya mphatso ndi lakuti ifenso timaitanidwa ku maukwati. Mwana wa achimwene akamakwatira, dzanja limafulumira kutenga fulasiki pa benchi. Kupatsa n'kuika, inde, koma tigule fulasikiyo ndi malipiro athu monga kasitomala wina aliyense, ndipo tilembe m'kope.

Kope limeneli lisasowe. Tsamba lina katundu wolowa, lina wotuluka, lina zoononga. Ngati maso kapena kulemba kukuvuta, mdzukulu wa sukulu akhoza kutithandiza madzulo. Pakatha miyezi itatu kope lidzatiuza zimene zikuyenda ndi zimene zagona. Katundu amene wagona nthawi yonseyo timutsitse mtengo atuluke, pakuti ndalama yogona pa shelefu siibala.

6. Ngongole ziwiri

Yoyamba ndi imene timatenga. Ngongole ya banki mkhonde imabwezedwa m'nthawi yochepa ndi chiwongoladzanja chake, pamene katundu wa mphatso akhoza kukhala miyezi iwiri kapena itatu asanathe. Choncho ngati tikongola, tikongole nyengo ya malonda ili pafupi, ndiponso ndalama zoti tikhoza kubweza ngakhale theka la katundu litatsala. Katapila ndiye tisamuyandikire n'komwe. Njira yofatsa ndi chipereganyu, kapena kuyamba ndi zochepa zathuzathu. Amayi awiri kapena atatu akhozanso kusonkherana ya thiransipoti, mmodzi n'kukaodera onse.

Yachiwiri ndi imene timapereka. Ogula athu oyamba adzakhala abale, anansi ndi amayi a m'gulu lathu lomweli, ndipo mau akuti "ndikupatsani pakutha pa mwezi" ndi ovuta kuwakana. Koma mphatso ikaperekedwa ku ukwati, mwini ngongole saionanso, ndipo kulipira chinthu chimene sukuchiona kumawawa. Pamenepo ubale umayamba kuzizira. Njira yabwino ndi yakuti wogula azipereka pang'onopang'ono katundu ali kwa ife, ndipo atenge akamaliza. Wofuna kuti timumangire mtolo wapadera ayambe wapereka theka. Ndipo ife amene timagula kwa amayi anzathu, tiziwalipira pa nthawi yake.

7. Tisamale wolandira mphatso

Mphatso imapita kwa munthu amene sanaisankhe, kawirikawiri khanda kapena mayi wachikuta. Pooda sopo, mafuta odzola ndi paudala, tiwerenge tsiku limene zidzathe mphamvu. Tikane mafuta oyeretsa khungu ndi alionse opanda chizindikiro cha amene anapanga, chifukwa ena amakhala ndi mankhwala oononga khungu ndi impso. Zidole zokhala ndi timikanda, timabatani kapena timabatire tating'ono si zoyenera mwana wosakwana zaka zitatu, pakuti amaika chilichonse m'kamwa ndipo akhoza kutsamwa. Kapu yang'alu tisaibise pansi pa pepala lokongola. Wopereka akachita manyazi pamaso pa anthu, sadzabweranso, ndipo adzauza anzake.

Mau otsiriza

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chaka choyamba cholinga chathu chisakhale kumanga nyumba ya malata. Ngati pofika Epulo, miyezi ya njala itadutsa, mpamba uli wonse, kope lili m'manja ndipo tilibe ngongole kwa munthu, ndiye kuti geni yathu yamera mizu.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Ndi miyezi iti imene anthu a dera lathu amapatsana mphatso kwambiri, ndipo amakonda kupereka chiyani?
2. Ndi zinthu ziti zopangidwa m'dera lathu zimene tingamange ngati mphatso?
3. Mbale akafuna katundu pa ngongole, tingamuyankhe ndi mau otani osaononga ubale?
4. Nanga kunyumba kukagwa matenda kapena maliro, gulu lingathandize bwanji kuti mayi asadye mpamba wake?

Ntchito ya kunyumba

Mayi aliyense afunse mitengo ya zinthu zitatu zoyenera mphatso, ya pa oda ndi ya pa msika. Pa msonkhano wotsatira tidzabwere ndi kope ndi cholembera, tidzawerengere limodzi monga tachitira ndi makapu aja.