Malangizo: Mwana Wonyozedwa Kusukulu

Makolo ndi aphunzitsi a ku Kanyama, Matero ndi Chawama, tamverani. Mnyamata woyenda kapena kulankhula ngati mtsikana, kapenanso mtsikana wochita zinthu ngati mnyamata, akamatukwanidwa ndi kumenyedwa ndi anzake amayamba kujomba, mapeto ake sukulu amasiyiratu. Ena mudzati malamulo a Zambia amaletsa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha kugonana. Inde, koma palibe lamulo lolola mwana kumenya mnzake chifukwa cha kayendedwe kake, ndipo lamulo la ana la 2022 limateteza mwana aliyense ku nkhanza, osasankha. Aphunzitsi, mdzudzuleni wonyozayo pomwepo, musaseke naye, komanso musaulule chinsinsi cha mwana m'kalasi. Iwe mwana wanga, akamakuzunza imba foni pa nambala 116, ndi yaulere.